Kulumikiza Mabuku a Bambo

Lolemba, 3 Malichi

Msonkhano wa m'mawa watha maola awiri pa nkhani imodzi. Madamu, bwana wathu, akufuna kuti pulogalamu ya maakaunti ilumikizidwe ndi pulogalamu ya tonse ija, ya maimelo, kalendala ndi mafayilo. Poti wa makompyuta pakampani pano ndine ndekha, mtolo wagwera ine. Andipatsa mpaka Lachisanu la sabata ya mawa kuti ndinene, tilumikize kapena ayi.

Muno ndizingolemba Yamabuku ndi Yatonse, dzanja lingatope.

Wayambitsa ndi Pakamwa, mkulu wa zogulitsa. Akuti watopa kukwera masitepe kasanu pa tsiku kukafunsa ngati sukulu yakutiyakuti yalipira madesiki ake, ndipo mawondo ake sanagulidwe ndi kampani. Anthu anaseka. Kenaka anaonjeza kuti sabata yatha kasitomala wina analandira invoisi imodzimodzi kawiri, mpaka kumuimbira foni kumufunsa ngati timagulitsa mipando kapena mapepala. Apa sanaseke aliyense, chifukwa mainvoisi amatuluka mu ofesi ya Bambo.

Bambo anali kumapeto kwa tebulo, pamalo pawo pa masiku onse, tayi ili chilili ngakhale fumbi la matabwa limakwera mpaka m'mwamba muno. Anangoti mabuku a ndalama si bwalo loti aliyense azithamangamo. Madamu anati palibe akufuna kuthamangamo, anthu akungofuna kusuzumira pawindo.

Kuntchito sindiwatchula kuti Bambo, ndimati a Ndendende monga wina aliyense. Dzinali anawapatsa ndi akalipentala kalekale, chifukwa mwezi ukatsekedwa bwino ankatsikira m'shedi kukalengeza kuti zakwana ndendende. Komabe aliyense amadziwa kuti ndine mwana wawo, ndiye maso onse anali pa ine.

Chondidabwitsa n'chakuti Yamabuku anaibweretsa ndi iwo omwe. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, kampani itatopa ndi kulipira laisensi chaka ndi chaka, anafufuza okha pulogalamu yaulere, yotseguka, yomwe wodziwa aliyense angathe kuiona m'kati ndi kuikonza. Anaiphunzira ali ndi zaka 52, ine ndili kukoleji, n'kumandiimbira kundifunsa mawu ovuta. Si munthu woopa zatsopano. Nanga lero zatani?

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndakopera Yamabuku yonse pa laputopu yakale ija yothothoka batani la e, ndiziyeserera pamenepo kuti ndisaononge zenizeni. Cholumikizira chilipo kale, chinalembedwa ndi anthu ongodzipereka.

Zikatheka, invoisi izipita yokha pa imelo, adiresi ya kasitomala tizilemba kamodzi m'malo mwa katatu, tsiku lolipira ogulitsa matabwa lizionekera pa kalendala. Choopsa n'chakuti Yatonse ikasinthidwa chingwecho chingaduke, ndipo palibe kampani yoti n'kuiimbira foni. Umangolemba funso pa intaneti n'kudikira wachifundo. Za malipiro a anthu nazonso zofunika kutseka bwino, apo ayi kuno kudzayaka moto. Koma zonsezi ndingazithe. Mtima wanga uli ku inde.

Mpope wa kunyumba ukudonthabe. Alandilodi akuti mawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Zinalumikizana cha m'ma 11. Ndinaomba m'manja ndekha ngati wamisala. Kalendala yoyeserera inadzaza masiku a msonkho, a malipiro, a lendi ya shedi. Kenaka ndinaona kuti pansi pa masiku ena pakubweranso timawu. Mu Yamabuku muli kabokosi ka ndemanga pa invoisi iliyonse ndi pa dzina la munthu aliyense, komwe palibe amakatsekula. Cholumikizira chimakoka zonse za m'kabokosimo n'kuziyala pa kalendala ya tonse.

Ndikopera zina momwe zilili.

"Wa magalasi amene amabwera Lachinayi ndi wa matabwa. Wamudziwa zaka 15. Umufunse za mwendo wake."

"Potseka mwezi yamba ndi banki. BANKI KAYE. Ukasokonezeka imirira, kamwe madzi, ubwerenso."

"Iyi watumiza kale. Usatumizenso."

"Iyi watumiza kale."

"Za msonkho watsopano funsa mwana, koma mochenjera. Asadziwe."

Yomalizayo ndi ya mu Novembala. Tsikulo ndikulikumbukira. Anabwera pa desiki yanga ndi makapu awiri a tiyi, n'kunena kuti akufuna andiyese ngati fizi yawo inapindula. Ndinayankha monyada, iwo akugwedeza mutu ngati aphunzitsi.

Ndemanga zilipo 412. Yoyamba ndi ya mu Epulo chaka chatha. Ndinatsekulanso mbiri ya zosintha, poti pulogalamuyi imasunga chilichonse chomwe munthu wakhudza. Invoisi ya kasitomala wa Pakamwa uja inalembedwa, kufufutidwa, kulembedwanso, kasanu ndi kamodzi m'mawa umodzi.

Ndinatseka laputopu n'kuikhomera m'diloo. Ndinatsikira kuseri kwa shedi komwe amaunjika zidutswa za matabwa. Makina opalira anali kulira, ndiye palibe anandimva.

Lachinayi, 6 Malichi

Wa matabwa anabwera cha m'ma 10. Ndinanamizira kukonza pulinta ya mu ofesi ya Bambo kuti ndione. Bambo atamva kugogoda anayang'ana munthuyo, n'kuyang'ana pa sikirini, chala chikuyenda msangamsanga pa mausi. Kenaka anaimirira ndi nkhope yowala n'kumufunsa za mwendo. Mkuluyo anasangalala, anati m'tauni yonse muno amene amakumbukira mwendo wake ndi a Ndendende okha. Anayamba kunena za ndalama zake, Bambo anati aziona, iye anati palibe vuto, pakati pa iwo awiri sipafunika kukumbutsana.

Masana ine ndi Bambo tinadyera limodzi pa benchi ya pakhonde. Anandifunsa ngati mpope wanga unakonzedwa. Ndinati ayi. Tinakamba za mvula, za nsapato zawo zomwe zayamba kuwathina. Tisanamalize kudya anandifunsanso za mpope, ndi mawu omwe aja, ndi nkhawa yomwe ija. Ndinayankha ngati n'koyamba.

Zakhala zikuchitika kangati ine osaona? Ndimakhala nawo nyumba imodzi ya ntchito maola asanu ndi atatu pa tsiku.

Lachisanu, 7 Malichi

Madamu andifunsa pamasitepe kuti zikuyenda bwanji. Ndati pali tovuta tina. Bodza loyamba.

Loweruka, 8 Malichi

Ndinapita kwathu. Bambo anali atagona pampando pabalaza, wailesi ikulankhula yokha. Amayi ndinawapeza kuchipinda chakumbuyo akusita malaya a Bambo a sabata yonse. Pa kolala ya malaya alionse amamatapo kapepala: Lolemba, Lachiwiri. Nditaona timapepalato ndinalibenso chofunsa.

Sanakane. Anaimika simbi n'kukhala pa bedi. Akuti zinayamba chaka chatha, tsiku lomwe Bambo anapita kukameta pamalo pomwe akhala akumeta zaka zonsezi, n'kubwerako patapita maola anayi atawaperekeza wogulitsa nyuzipepala. Kwa dokotala anapitako kawiri. Mapilitsi alipo, koma dokotala ananena poyera kuti amangochedwetsa, sachiza.

Ndinawafunsa chifukwa chomwe anandibisira. Anati ndi Bambo anawalumbiritsa, akuti mwana ali pakampani yomweyo, akadziwa adzasenza katundu wosakhala wake.

Ndinawafotokozera za kulumikiza. Sanamve zambiri za makompyuta, koma chachikulu anachigwira msanga, kuti zomwe Bambo amadzilembera zidzaoneka kwa anthu onse.

"Kwatsala miyezi khumi ndi inayi kuti apume ndi penshoni yonse," anatero. "Mwanawe, usawavule bambo ako pagulu."

Ndinalonjeza. Sindikudziwa ngati ndinalonjeza chinthu chomwe ndingathe.

Bambo atadzuka anandiseka kuti ndabwera kudzadya zaulere, monga pulogalamu yawo. Anandiperekeza mpaka pageti. Amayi anaima pakhomo osawachotsa maso mpaka atalowanso.

Lamulungu, 9 Malichi

Sindinatuluke. Ndawerenga zonse 412. Pa dzina langa, m'ndandanda wa malipiro a antchito, analemba mu Januwale: "Uyu ndi wako. Tiyi wake wopanda shuga. Tsiku lomwe udzafunike kuwerenga izi kuti udziwe, usiye ntchito."

Lolemba, 10 Malichi

Ndinafika 6:30, mlonda yekha alipo. Pasiwedi ya Bambo ili pa kapepala pansi pa kiyibodi, m'zilembo za Amayi. Ndinalowa m'dzina lawo n'kukonza zolakwika zitatu zomwe ndinaziona sabata yatha. Wina aliyense atachita zimenezi ndikanamulembera lipoti ineyo.

Kenaka ndinayamba lipoti la Lachisanu. Ndalemba kuti tisalumikize panopa: cholumikizira sichinakhwime, palibe wotithandiza chikaduka, zinsinsi za malipiro zili pa chiswe. Palibe chiganizo chabodza ngakhale chimodzi, koma lipoti lonse ndi bodza.

Lachiwiri, 11 Malichi

Matabwa sanabwere. Lole imayenera kufika 7 koloko. Kapitawo ataimba foni, mwana wa mkulu wa magalasi uja, amene akuyendetsa bizinesi tsopano, anati salandira ndalama kuyambira Januwale, analemba maimelo atatu, ndipo ubwenzi wa madala awiriwo sulipira madalaivala ake.

Mu Yamabuku mukuoneka kuti tinalipira. Kubanki sikunatuluke kanthu. Bambo anachonga kuti zatheka, kutumiza osatumiza. Maimelo atatu aja ali mu bokosi lawo mu Yatonse, osatsekulidwa. Zikanakhala zolumikizana, imelo iliyonse ikanakhala pafupi ndi invoisi yake, poti aliyense aione. Dzulo sindinazione chifukwa ndimangoyang'ana m'mabuku.

Akalipentala aganyu asanu ndi anayi abwezedwa, mpaka Lachisanu mwina. Amalipidwa pa tsiku. Ndinawaona pawindo akutuluka pageti, zikwama za zipangizo kumsana. Mmodzi, wa imvi uja amene amakhoma miyendo ya madesiki, anabwerera kudzapempha kapitawo ya basi.

Kapitawo anandipeza pamasitepe. Anati a Ndendende sanalakwitsepo chiyambire, vuto ndi makompyuta anga amenewa. Ndinati mwina n'zoona, ndifufuza.

Bambo tsiku lonse ali jegwejegwe, kutsekula mafayilo, kutseka, kufunafuna risiti yomwe kulibe. Pa 4 koloko anandiitana n'kundifunsa chapansipansi ngati banki ingataye ndalama. Ndinati nthawi zina.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndayesa njira yapakati. Kabokosi ka ndemanga ndingathe kukatsekera kunja, ndi ntchito ya mphindi khumi. Koma zolakwika zizionekabe. Pakamwa adzaona invoisi yobwereza tsiku lomwelo, kapitawo adzaona tsiku lolipira litadutsa. Sabata imodzi yokha, onse adzadziwa kuti china chake chavuta m'chipinda chija.

Ndikutsuka kapu m'kakhitchini ndinamva Pakamwa ndi wa pa risepushoni akulankhula kuseri kwa chitseko. Pakamwa amati munthu sakana kuti anthu asuzumire m'mabuku popanda chifukwa, ndipo ndalama za matabwa sizimera mapiko. Winayo anati nanga mwana wawoyo, Pakamwa anati magazi ndi magazi, muona lipoti lake Lachisanu.

Ndiye apa pafika. Ndikakhala chete, Bambo ndi wakuba. Munthu amene anabweza ndalama ya chenji yomwe wogulitsa maenvulopu anaonjeza molakwitsa, kuyenda wapansi dzuwa likuswa mtengo.

Madamu nawo anandiitana madzulo. Sanatchule za kuba. Anangoti agwira ntchito ndi Bambo zaka makumi awiri, ndipo ngati pali kanthu akufuna akamve kwa ife, osati kwa owerengera mabuku akunja omwe akubwera mu Meyi. Ndinayang'ana pansi. Anandilola kupita.

Lachinayi, 13 Malichi

Anthu ataweruka ndinanyamula laputopu kupita mu ofesi ya Bambo. Anali akuvala jekete. Ndinati Bambo, osati a Ndendende, ndipo anakhalanso pansi nthawi yomweyo.

Ndinatsekula kalendala yoyeserera n'kuwatembenuzira. Anavala magalasi. Anawerenga nthawi yaitali. Kenaka anakwiya. Anati ndani anandipatsa chilolezo chofukula za munthu wamkulu, kodi ndi ulemu umene anandiphunzitsa umenewu. Ndinawasiya anene. Atatopa ndinawauza za matabwa, kuti ndalama sinatayike kubanki, sinatumizidwe n'komwe. Ndinawauza za anthu asanu ndi anayi aja, ndi wa imvi wopempha ya basi. Zomwe ananena Pakamwa sindinafune kunena, koma anandifunsa okha kuti anthu akuti chiyani, ndipo ndinanena.

Anavula magalasi n'kuphimba nkhope ndi manja. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a mchimwene wawo. Ndinazungulira tebulo n'kugwada pambali pa mpando wawo.

Atakhazikika anati m'mutu mwawo muli ngati kabati yomwe wina amabwera kudzasuntha mafayilo iwo atatembenuka. Masiku ena zonse zili m'malo, mpaka amaganiza kuti achira. Anati ankawerenga miyezi yotsala ngati wandende.

"Ulumikize," anatero. "Anthu asagone ndi njala chifukwa cha ulemu wanga."

Ndinatchula za penshoni, ndi lonjezo langa kwa Amayi. Anati amayi ako ndilankhula nawo ndine. Anatenga pepala la kampani n'kulemba kalata yopita kwa Madamu, pang'onopang'ono, masamba awiri, n'kusaina, n'kuikapo tsiku atandifunsa kuti lero ndi pa chiyani. Anaipinda n'kundipatsa. Anati mawa alankhula okha pamsonkhano, koma ndiisunge ine, chifukwa sakudzikhulupirira.

"Ukadzaona ndikukana, usamvere ameneyo. Umvere uyu walembayu."

Ndinawaperekeza mpaka kunyumba. M'basi anagona paphewa panga.

Lachisanu, 14 Malichi

M'mawa ndinawafunsa pakhonde ngati akonzeka. Anamwetulira n'kunena kuti iwo amakhala okonzeka nthawi zonse. Ndinakhulupirira. Kalata inali m'chikwama changa, ndikanawapatsa pomwepo.

Lipoti lija ndinaling'amba, ndinalowa ndi pepala limodzi. Madamu atatsekula nkhani, Bambo anakweza dzanja. Anakonza tayi, n'kunena kuti mabuku a ndalama si bwalo loti aliyense azithamangamo, kuti pulogalamuyi yatumikira bwino zaka khumi ndi chimodzi ili payokha, ndipo mwana wawo wafufuza, anena yekha kuti n'zosatheka. Anandiyang'ana ndi chikhulupiriro chonse. Za dzulo munalibe m'maso mwawo ngakhale pang'ono.

Pakamwa anatsokomola n'kuyang'ana wa pa risepushoni.

Sindikanatulutsa kalata pamaso pa anthu khumi ndi awiri. Ndinaimirira. Ndinati ndayesa, zikugwira ntchito, zoopsa zake n'zotheka kuzitchinga, ndipo maganizo anga ndi akuti tilumikize kuyambira Lolemba. Ndinati kabokosi ka ndemanga sikalumikizidwa chifukwa n'kosafunika. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina.

Madamu anavomera. Pakamwa anaoneka wodabwa, mwina wokhumudwa kumene.

Bambo anaimirira. Anasonkhanitsa mapepala awo, kulinganiza m'mbali mwake bwinobwino, n'kutuluka msonkhano usanathe. Podutsa pa mpando wanga sanandiyang'ane. Nditathamangira ku ofesi yawo ndinapeza chokhoma, mlonda anati atuluka pageti. Ndinaimbira Amayi kuti akawachingamire pa siteji.

Matabwa afika masana, Madamu analipira okha. Aganyu ayambanso Lolemba. Ataya masiku anayi.

Loweruka, 15 Malichi

Amayi aimba. Akuti Bambo sanadye, akungonena kuti mwana wawagulitsa pamaso pa anthu. Za kalata Amayi sanauzidwe kanthu. Ndawafotokozera, iwo anati ndisabwere kaye sabata ino. Sindikudziwa ngati akundikhulupirira.

Lamulungu, 16 Malichi

Kalata ija ndaitulutsa m'chikwama kanayi. Sindinaitsekule, si yanga.

Lolemba, 17 Malichi

Bambo ndinawadikira pakhomo pa ofesi yawo. Anafika 7:40, kapepala ka Lolemba kakadali pa kolala. Ndinakachotsa ndisanawapatse moni, iwo anabweza phewa. Za Lachisanu akuzikumbukira bwinobwino. Zimene ndikanakonda aiwale ndiye zakhala.

Anati ngati ndabwera kudzatenga makiyi ndinene msanga. Ndinatseka chitseko n'kuika kalata pa tebulo. Ndinati walemba ndi munthu amene amamukhulupirira kuposa ine.

Anazindikira zilembo zawo asanavale n'komwe magalasi. Anawerenga ali chiimire, masamba onse awiri, n'kubwerezanso. Anayang'ana tsiku, n'kuyang'ana kalendala ya pakhoma, n'kuwerenga masiku ndi chala. Kenaka anakhala pansi pang'onopang'ono.

Anandifunsa ngati ndinalipo pomwe ankalemba. Ndinati ndinalipo. Anafunsa ngati ndinawakakamiza. Ndinati ayi, anandituma ndi iwo kuti ndisawamvere. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu, n'kunena kuti zimenezo zikumveka ngati iwo ndithu.

"Ndiye Lachisanu lija unali wekha," anatero.

Anandigwira dzanja n'kulisisita ndi chala chachikulu, nthawi yaitali.

Kenaka anaimirira, kukonza tayi, kupinda kalata. Anati tipite kwa Madamu panopa, mutu ukadali m'malo. Tinayenda limodzi m'khonde, kudutsa pa desiki ya Pakamwa, amene anaimirira osadziwa chifukwa chake. Pakhomo pa Madamu anandiimitsa. Anati alowa okha, koma ndisachoke, akasochera andiitana.

Ndikulemba izi ndili pa benchi ya panja pa chitseko, kope lili pa bondo. Kumusi makina opalira ayamba, aganyu abwera. Kulumikiza kumayenera kuyamba 9 koloko, pano ndi 9:25, palibe wabwera kudzandifunsa. Poyamba ndimamva mawu a Bambo okha, akuwerenga. Tsopano ndamva Madamu akudzuka, akukoka mpando wawo kuzungulira tebulo, kupita mbali yomwe akhala Bambo.